Momwe tinabwezeretsera WhatsApp ya achemwali ku Angónia ine ndili ku Joni

Kumapeto kwa Okutobala 2024, patadutsa masabata atatu chivotereni anthu ku Mozambique, mauthenga anga a pa WhatsApp opita kwa achemwali ku Angónia anasiya kufika. Kachizindikiro kankangokhala kamodzi tsiku lonse. Ine ndimakhala ku Rosettenville kuno ku Johannesburg, ndipo ndalama zamankhwala a amayi zimadutsira kwa achemwaliwo, choncho mtima sunakhale m'malo. Nditawaimbira pa foni wamba, yomwe imadya mayunitsi ngati moto wa m'tchire, anandiuza kuti intaneti ilipo ndithu koma WhatsApp ndi Facebook sizikutseguka. Zionetsero zinali zitakula m'dzikomo ndipo masamba a mchezo anali atatsekedwa.

Ndinayamba molakwika. Ndinauza mwana wawo wamkulu kuti atsitse VPN yaulere iliyonse yomwe angaipeze, ndiye kuti pulogalamu yodutsitsa intaneti ya foni pa kompyuta ya kwina kuti izembe zotsekazo. Yomwe anaipezayo inadzaza foni ndi malonda, kenako n'kupempha chilolezo choona manambala onse a m'foni. Atandiuza ndinati aichotse pompo. Chinthu chimene mukudutsitsiramo mauthenga anu onse muyenera kudziwa mwini wake.

Usiku umenewo ndinayesa Tor, njira yobisa komwe munthu akupita pa intaneti, pa foni yanga kaye, kuti ndisaphunzitse mwana zomwe ine sindinazigwirepo. Tor imayendetsedwa ndi bungwe losachita malonda la Tor Project, lomwe linakhazikitsidwa mu 2006. Zomwe mukutumiza zimakutidwa katatu ngati masamba a anyezi, n'kudutsa pa makompyuta atatu a anthu ongodzipereka. Yoyamba imadziwa komwe muli koma sidziwa komwe mukupita, yomaliza imadziwa komwe mukupita koma sikudziwani. Kampani ya foni imangoona kuti mwalowa mu Tor basi.

Apa pali zinthu ziwiri zomwe zinandisokoneza. Tor Browser ndi yowerengera masamba a pa intaneti okha, siithandiza WhatsApp. Yomwe imatenga mapulogalamu ena a m'foni n'kuwadutsitsa mu Tor ndi Orbot, yopangidwa ndi Guardian Project. Ife tinkafuna Orbot.

M'mawa ndinamuimbiranso mnyamatayo. Play Store inkatseguka bwinobwino, ndiye anatsitsa Orbot, ine ndikumuuza kuti awerenge dzina la opanga asanadine. Anaitsegula, foni inafunsa ngati akulola kulumikiza kwa VPN, analola. Kenako anasankha mapulogalamu oti adutse mu Tor. Ndinamuuza achonge WhatsApp ndi Facebook zokha, asakhudze pulogalamu ya ndalama, chifukwa mabanki amakayikira akaona munthu akulowa ngati ali kudziko lina.

Ndiye inakana kulumikiza.

"Amalume, yangoima, sikusuntha," anatero. Ndinamufunsa nthawi yomwe foni ikuonetsa. Mozambique, Malawi ndi South Africa zili pa nthawi imodzi, choncho wotchi yake inayenera kufanana ndi yanga. Inali kumbuyo ndi maola angapo, pakuti batire linathera kumunda ndipo wina anaika nthawi mongoganizira. Tor sigwira ntchito wotchi ikasokonekera kwambiri. Atakonza inasuntha pang'ono n'kuimanso.

Apa m'pamene milatho inatipulumutsa. Mndandanda wa makompyuta a Tor ndi wapoyera, aliyense akhoza kuuona, kotero wofuna kutseka savutika. Milatho, yomwe pa sikirini imalembedwa kuti bridges, ndi makomo ena osalembedwa pa mndandandawo. Wina umatchedwa obfs4, umasandutsa zomwe mukutumiza kuti zioneke ngati phokoso lopanda tanthauzo. Wina ndi Snowflake, umene umaoneka ngati munthu akuimba foni ya vidiyo. Sindinkafuna kutaya mayunitsi pofufuza ngati vuto linali kutseka kapena netiweki yofooka ya kumudzi, ndinangoti apite posankhira njira yolumikizira, adine Snowflake. Tinadikira mphindi ngati ziwiri, ine ndikumva nkhuku zikulira kuseri kwa foni. Kenako foni yanga inanjenjemera: mauthenga a masiku anayi analowa nthawi imodzi, woyamba wake uli wa achemwali wofunsa ngati ndadya.

Musayembekezere zonse. Mauthenga olemba ndi ojambula mawu ankadutsa, zithunzi zinkabwera mochedwa, koma kuimbirana pa WhatsApp kunakanika, chifukwa Tor sinyamula mtundu wa kulumikiza komwe kuimba kumafuna. Masiku ena madzulo intaneti ya pa foni inkazimitsidwa yonse, ndipo pamenepo palibe Orbot kapena mlatho womwe ukanathandiza. Tinkangobwerera ku SMS.

Chimene ndinamubwerezera mnyamatayo kawiri n'chakuti Tor imabisa njira, siibisa dzina lomwe mwalemba nokha. Ukalowa pa Facebook ndi dzina lako n'kulemba zandale, aliyense akudziwa kuti ndi iwe. Ali ndi zaka 19 ndipo magazi ake ndi otentha, ndinkaopa kuti adziona ngati wosaoneka.

Zimenezi si za ku Mozambique kokha. Abale athu a ku Chipata anaziona pa 12 Ogasiti 2021, tsiku lachisankho cha ku Zambia, WhatsApp itatsekedwa. Ku Zimbabwe intaneti inazimitsidwa mu Januwale 2019. N'chifukwa chake aliyense wochoka kuno kupita kumudzi ndimamuikiratu Orbot asanakwere basi ku Park Station, ndi kumusungira milatho ingapo ya obfs4 yomwe ndimapempha pa Telegram kwa @GetBridgesBot. Kutsitsa zinthu njira itatsekedwa kale n'kovuta kuposa kukhala nazo m'foni.

Kuno ku Joni intaneti yathu ndi yotseguka, ndiye ndinaika Snowflake pa Firefox, pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti ya pa laputopu yanga. Aliyense angathe kuiika, ndipo kompyuta yanu imasanduka khomo loyamba la munthu wina amene watsekeredwa. Masamba omwe iye akutsegula saona adiresi ya pa intaneti ya kompyuta yanu, amaona ya kompyuta yomaliza ya Tor. Ndimaiyatsa pa wifi ya panyumba yokha, popeza pa deta yogula ingandimalize. Ndikabwera ku ntchito ndimayang'ana kanambala koonetsa anthu omwe adutsira pa ine m'maola 24 apitawo, kenako ndimateleka madzi a nsima.