Sabata imene mbalame zinatisinthira ndondomeko

Lolemba ndinali m'kalasi ndi ophunzira anga a chaka chachitatu, amene akusulidwa kuti adzakhale aphunzitsi. Phunziroli pachingerezi amati service learning: ophunzira amakagwira ntchito imene eni mudzi akuifuna, kenako amalemba ndi kukambirana zimene ntchitoyo yawaphunzitsa, malikisi n'kuchokera pamenepo. Dzinali linabadwira ku America m'zaka za m'ma 1960, koma muzu wake ndi maganizo a John Dewey, katswiri wa zamaphunziro wa komweko, oti munthu amaphunzira pochita chinthu ndi kuchilingalira. Ine pofotokoza ndimakonda kuyambira pa Youth Week ya nthawi ya Kamuzu, pamene ife ana asukulu tinkalambula misewu ndi kuumba njerwa sabata yathunthu. Ntchito inkagwirika ndithu, koma palibe ankatifunsa kuti tatolapo chiyani. Ophunzira anaseka nditawauza kuti khasu ndinkachita kubwera nalo kuchokera kunyumba.

Lachiwiri tinakaonekera kwa amfumu, m'mudzi wina wa kufupi ndi nyanja ya Chilwa, kumene tikuyambitsa kalabu yowerenga ya ana a Sitandade 2 mpaka 4. Nditapempha kuti makolo atithandize kumanga kachisakasa, bambo wina anafunsa mosapsatira kuti, "A Pulofesa, ameneyu si thangata?" Mawu amenewa ngolemera. Thangata ankagwira makolo athu m'minda ya azungu kuno kummwera, ndipo kuyambira 1994 ntchito iliyonse yopanda malipiro anthu amaiyang'ana ndi diso limenelo. Amfumu anadula nkhani: chisakasa chiyembekeze, mtengo wa mango ulipo.

Tsiku londichititsa manyazi linali Lachitatu. Tinafika 2 koloko masana ndi mabuku, mapepala ndi mphasa zobwereka, tikuyembekezera ana 60. Anabwera asanu ndi anayi. Ophunzira anga anayamba kung'ung'udza kuti anthu akuno safuna sukulu. Mayi wapampando wa mother group, gulu la amayi othandiza ana pasukulu, anangotiyang'ana, n'kukonza chitenje chawo, n'kunena kuti, "Bambo, mpunga wayamba kucha. Ana ali kudambo, akuingitsa mbalame. Mukanatifunsa tikanakuuzani." Ndinasowa poyika nkhope. Nthawi ija ndinaisankha ndine, potengera nthawi imene makalasi athu amatha ndi imene basi imapezeka. Zaka zonsezi ndakhala ndikulalikira kuti funsani kaye eni ake, koma dzulo lake ndinafunsa za chisakasa, za nthawi osafunsa.

Ana asanu ndi anayi aja tinawaphunzitsabe. Mtsikana wina mwa ophunzira anga, wokulira mumzinda wa Lilongwe, anakhala ndi kamnyamata ka Sitandade 4. Akaloza pa tchati, kamnyamatako kankayimba bwinobwino kuti ma, me, mi, mo, mu. Koma atalemba "mano" papepala, kanangoti duu, kakukanda m'mutu. Maphatikizo kanawaloweza ngati nyimbo, kuwalumikiza ayi. Mtsikanayo anatola zitsekerero za mabotolo pafupi ndi okala, n'kulemba phatikizo limodzi mkati mwa chilichonse, n'kukauza kuti kaziziphatikiza kokha. Patapita mphindi ngati makumi awiri kanasanja "mama", kenako "nono", n'kuseka kokha. Pobwerera m'basi mtsikanayo anandifunsa kuti zimatheka bwanji mwana kufika Sitandade 4 chonchi. Ndinamukumbutsa zimene tinawerenga m'kalasi: maphunziro a pulayimale atakhala aulere mu 1994, ana olembetsa anachoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni n'kupitirira 3 miliyoni, zipinda ndi aphunzitsi osakwanira. Ngakhale pulogalamu ya boma yolimbikitsa kuwerenga inayamba mu 2016, mphunzitsi mmodzi wokhala ndi ana oposa 100 sangamve kuti ndani akuwerenga, ndani akungotsatira kwaya. Anati ziwerengerozo anaziloweza chaka chatha pokonzekera mayeso, koma lero ndi pamene waziona zili ndi nkhope.

Lachinayi linathera m'misonkhano ndi kudzaza mafomu a mafuta. Palibe chonena.

Lachisanu ndinachonga zolemba zawo. Ambiri analemba zija zodziwika, zoti "tinakathandiza anthu ovutika", ndipo ndinawabwezera kuti alembenso. Munthu amene ana ake akulondera mpunga woti banja lidye ndi kugulitsa sakuyembekezera chifundo chathu. Mnyamata mmodzi yekha ndiye analemba funso limene ndinalilemba mzere kunsi kawiri: ngati kalendala ya sukulu silabadira nyengo ya mpunga, wojomba ndi mwana kapena ndi sukulu? Funso limeneli ndilo tiyambire Lolemba likubwerali.

Madzulo ake ndinaimbira mayi wapampando aja, nthawi ino kufunsa osati kuuza. Anati mbalame zimavuta m'mamawa ndi chakumadzulo, dzuwa likakhala paliwombo zimabisala m'mabango. Tibwere Loweruka masana, ndipo tisakhale kusukulu, tikhale pamtengo wa m'mphepete mwa dambo, kuti ana azionanso minda yawo.

Tinapitadi. Ana anabwera 41, ena atanyamula malegeni ndi zitini zawo zoopsezera mbalame, matope ali mpaka m'mawondo. Zitsekerero zinatiperewera, moti ophunzira ena ankalemba maphatikizo pamasamba a mango. Itangokwana 2 koloko mwana wina anakuwa kuti zabwera, ndipo onse anamwazika kuthamangira kumpunga, kamnyamata kaja katafumbata zitsekerero zake zinayi m'manja.