Momwe ndinajambulira vidiyo yopempha malo kusukulu ya opera

M'kwaya ya kutchalitchi kwathu kuno ku Chipata ndinali wa tena amene amamveka mpaka kumsewu, ndipo ndinkayesa kuti kuimba n'kumeneko. Nditamva kuti Levy Sekgapane, mnyamata woimba tena wa ku Kroonstad ku South Africa yemwe anaphunzira ku University of Cape Town, anapambana Operalia, mpikisano wa oimba opera (masewero ochita kuimba), mu 2017, mtima unandiyabwa. Ndinalembera sukulu ina ya nyimbo ku South Africa. Anandiyankha kuti nditumize kaye vidiyo ya nyimbo zitatu, imodzi ya Chitaliyana, wina akundiimbira piyano, komanso isakhale yodula n'kulumikiza.

Vuto loyamba linali manotsi. Ife kukwaya timawerenga solofa, koma opera imalembedwa pa mizere isanu ija. Ndinapita kwa aphunzitsi ena opuma pantchito amene amaimba limba kutchalitchi, n'kuwapempha kuti azindithandiza Loweruka lililonse masana.

Tsiku loyamba sanafune nyimbo. Anangoti ndizitsatira chala chawo pa kiyibodi, kukwera pang'onopang'ono ndikuimba "a". Tidadutsa C wapakati bwinobwino, D, E, koma pofika pa F sharp mawu anga anasweka ngati tambala amene akuphunzira kumene kulira. Ndinayesanso mwamphamvu, mitsempha ya m'khosi n'kutuluka. Iwo anachotsa magalasi.

"Mwana wanga, waonapo wanjinga atasenza matumba atatu a makala akukwera chitunda? Ukuchita zomwezo. Ukufuna kufika pamwamba ndi katundu yense wa pachifuwa."

Malo amenewo Ataliyana amawatcha passaggio, ndipo kwa tena amakhala cha pakati pa E ndi G pamwamba pa C wapakati. Apa ndiye panandidyera miyezi. Ukafika pamenepo umapeputsa mawu, "a" wako n'kumupendeketsa pang'ono kuti ayandikire "o", nsagwada ili lende, mpweya ukugwiridwa ndi nthiti zam'munsi osati khosi. Poyamba zimamveka ngati mawu achepa, ndipo manyazi amakugwira. Ine ndinkaona ngati akundilanda chinthu chokhacho chimene anthu ankandiyamikira nacho. Koma woimba opera alibe maikolofoni, ndipo pakati pa iye ndi omvera pamakhala gulu lonse la zoimbira. Chimene chimaboola phokoso limenelo ndi kuwala kwa mawu, kaja amati squillo. Wongofuula amafika pakati pa sewero khosi litauma kale.

Posankha nyimbo ndinabwera ndi matama. Ndinkafuna ya wopeka nyimbo Donizetti ya mu sewero la La fille du régiment, yokhala ndi ma C apamwamba 9, imene Luciano Pavarotti, tena wotchuka wa ku Italy, anagwedeza nayo holo ya Metropolitan Opera ku New York mu 1972. Aphunzitsi anaseka mpaka kutsokomola. Anandikumbutsa kuti Pavarotti anayamba kuimba pasiteji mu 1961, choncho anali atapsa kale ndi zaka 11 za ntchito. Ine anandipatsa Caro mio ben, kenako Una furtiva lagrima ya mu L'elisir d'amore, sewero la mu 1832, ndi kanyimbo kamodzi ka Schubert ka Chijeremani. Nyimbo yophweka ndi imene imaulula munthu, chifukwa mulibe pobisala.

Chitaliyana chimatikomera ife Achewa. Mawu ake ambiri amathera pa a, e, i, o ngati athu, ndiye pakamwa sipavutika. Msampha uli pa l ndi r, zimene kwathu kuno timasinthanitsa popanda wotifunsa, komanso pa zilembo zobwereza. Caro ndi wokondedwa, koma ukaikulunga r kwambiri wanena carro, imene ndi ngolo. Kwa milungu iwiri ndinkaimbira chikondi ngolo. Za Chijeremani ndisanene zambiri. Ndinangomvetsera ojambulidwa kambirimbiri, n'kulemba katchulidwe kake m'kope mwa njira yangayanga.

Kujambula tinachita mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Piyano yeniyeni imene tinapeza muholo ina inali yosachunidwa, ndiye tinabwerera ku kiyibodi, imene imafuna magetsi. Loweruka loyamba anazima titangoyamba. Loweruka lachiwiri tinajambula masana, koma malata ankalira thethethe ndi kutentha, ndipo zonse zinalowa m'vidiyo. Loweruka lachitatu tinayamba cha m'ma 9 koloko, mawu atadzuka koma denga lisanapse. Foni tinaiika pa mulu wa mabuku a nyimbo pamwamba pa benchi, mamita atatu kuchokera pomwe ndinaima. Mukaiyandikitsa, manotsi apamwamba amaphulika ngati wailesi yong'ambika sipika. Muoneke kuyambira kumutu mpaka m'mawondo, chifukwa oyesawo amafuna kuona mmene mukupumira. Nenani dzina lanu ndi la nyimbo, kenako imbani osaima, ngakhale mutalakwitsa. Una furtiva lagrima ndinaibwereza kasanu ndi kawiri, koma tinatumiza yachitatu. Zotsatirazo zinali za munthu wotopa amene wayambiranso kukankha.

Vidiyoyo ndinaitumiza usiku pamene intaneti imathamangako, pamodzi ndi satifiketi ya Giredi 12 ndi tsamba loyamba la pasipoti.

Amayi anandifunsa tikudya nsima kuti, "Kodi zoimbaimba zakozi zimadyetsa munthu?" Sindinawanamize. Ndinawauza kuti akamaliza sukulu ambiri amayamba ndi kuimba m'kwaya ya opera kapena timbali ting'onoting'ono, ndipo woimba payekha nthawi zambiri amalipidwa pa sewero limene waimbadi, chimfine chikamugwira ndalama ya tsikulo yapita. Anangoti "Chabwino," n'kundiwonjezera ndiwo.

Yankho linabwera patapita milungu isanu ndi umodzi: ndipite ndikaimbe pamaso pawo, ndipo akandiyesanso kuwerenga manotsi amene sindinawaonepo. Ndinathamangira kwa aphunzitsi foni ili m'manja, ndikuwerengera kale za basi ya ku Lusaka. Anawerenga uthengawo kawiri, n'kundibwezera foni.

"Zili bwino. Koma F sharp uja ukumufinyabe. Mawa 15 koloko, ubwere ndi kope lako."