Kani origin ndi dzina chabe

Chaka chathunthu ndakhala ndikuganiza kuti Git (pulogalamu yosunga mbiri ya zosintha pa code) ndi GitHub (webusaiti yosungirako ntchito za Git) ndi chinthu chimodzi. Mutu unatseguka dzulo usiku, ndipo mtima tsopano uli m'malo.

Data inatithera ine ndi mnzanga tili mkati mwa pulojekiti ya kusukulu. Iye ali ndi ma commit ake (zosintha zosungidwa mu Git), ine anga, koma kokankhira kulibe. Ndinabaya flashi pa laputopu, m'foda ina ndinalemba git init --bare, kenako git remote add flashi ndi njira ya fodayo. Push (kutumiza ma commit) inadutsa bwinobwino popanda intaneti. Mnzanga anatenga flashi ija, anachita pull, ntchito yanga yonse inafika kwa iye.

Nditasuzumira m'fodamo sindinapezemo mafayilo athu a code, koma HEAD, objects, refs ndi tina tochepa. Apa m'pamene ndinazindikira kuti "seva" imene tinkaiopa ija ndi kope lina chabe la mbiri ya ntchito yathu. Aliyense amene wachita clone (kukopera pulojekiti yonse) ali ndi mbiri yonse m'manja. Origin ndi dzina limene Git imapatsa malo amene unatengako repo (nkhokwe ya pulojekiti ndi mbiri yake), basi. Malowo akhoza kukhala flashi, kapena laputopu yakale yokhala pakona imene mukuifikira ndi ssh (njira yolowera pa kompyuta ina kudzera pa netiweki).

Linus Torvalds analemba Git mu 2005, GitHub inabwera mu 2008. Mpaka lero anthu a Linux kernel amatumizirana ma patch (zosintha za code) pa imelo, wina git format-patch, wolandira git am. Ngati ntchito yaikulu chonchi ikuyenda motero, ife anthu awiri kapena anayi tikufunanso chiyani? Kwa ine bare repo, ngati ija ya pa flashi, ndi yokwanira pa pulojekiti iliyonse ya kalasi, ndipo ndikanakonda aliyense ayambire pamenepa.

Chimene chikundiwawa n'chakuti tsiku loyamba aphunzitsi anangotiuza kuti titsegule akaunti ya GitHub, tiloweze add, commit, push. Mawu oti distributed (kuti aliyense ali ndi kope lake la mbiri yonse) anali pa silaidi, koma palibe anatisonyeza tanthauzo lake ndi manja. Mphindi khumi zikanakwana. Masiku angati tinakhala osagwira ntchito poganiza kuti popanda netiweki palibe chingachitike?

Pamene ndikukayikabe ndi pa kuunikirana code. Pull request ya pa GitHub (pempho loti anzako aone ndi kulandira zosintha zako) inkatipatsa malo okambirana mzere ndi mzere, pomwe pano ndemanga zathu zikungomwazika pa WhatsApp. Git send-email, yotumizira ma patch pa imelo, sindinaiyesebe, ndipo gulu likakula kufika anthu khumi, kaya flashi imodzi ingatisenze tonse, kaya.