Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Usiku umene tinakhuza Chikapa

Ndiyambe ndi kupepesa chifukwa chokhala chete milungu itatu. Foni yanga inagwera m'chidebe cha penti kuntchito, ndipo ino ndikulemberayi ndabwereka kwa alamu. Zikomo a Nachisale a ku Area 25, ndi nonse amene munandilondola ku inbox kufunsa ngati ndikadali moyo. Ndilipo ndithu. Kwa achimwene aja amene munalemba pansi pa gawo 13 kuti munthu amene sanaike mayi ake alibe chotiuza, ndemanga yanu sindinaifufute. Ikhale pomwepo anthu aziiona. Ndikukudziwani, ndipo inunso mukudziwa kuti bokosi lija analipira ndani.

Mukukumbuka kuti amayi anatisiya mu April 2015, masiku amene mashopu a anthu obwera ankaphwanyidwa ku Durban ndi kuno ku Joni, ku Jeppestown. Masiku a pa pasipoti yanga anali atatha kalekale, ndipo malamulo amene anabwera mu 2014 ankati ukatuluka pa Beitbridge utapyola masiku, akhoza kukutsekera khomo mpaka zaka zisanu. Chisomo anali atangoyamba fomu 1, fizi yake inkachokera m'manja mwanga muno. Ndinatumiza ndalama ya bokosi, ya ufa, ya mbuzi ndi ya adzukulu. Tsiku loika maliro ndinali pa makwerero ku Fourways, ndikupaka denga la nyumba ya eni. Misozi sinatuluke ngakhale dontho. Ndinkadzifunsa ngati ndine munthu kapena chitsa.

Zaka ziwiri zinadutsa choncho, penti ndi tulo.

Lachitatu pa 12 July 2017 kunazizira monga kumachitira kuno mwezi umenewo, mphepo yolowa mpaka m'mafupa. Tili mu taxi yopita ku Randburg, wailesi inanena kuti Ray Phiri, woimba gitala wa gulu la Stimela amene ankatchedwanso Chikapa, wamwalira m'chipatala ku Nelspruit ndi khansa ya m'mapapo, ali ndi zaka 70. Dalaivala, Mzulu waukali amene tsiku lililonse ankatukwana aliyense womudula pamsewu, anatsitsa mawu a wailesi n'kukhala duu. Mayi wina kumbuyo anayamba kusisima. Foni yanga inalira, anali agogo a Mbewe. Sanandipatse moni. Anangoti, "Iwe Phiri, Chikapa wapita. Ubwere madzulo."

Amene mwayamba kuwerenga posachedwa bwererani ku gawo 6. A Mbewe ndi aja anandisunga m'galaja mwawo ku Rosettenville nditangotsika basi pa Park Station mu 2006, ndili ndi chikwama chimodzi ndi nambala ya foni yosagwira. Anabwera kuno ndi Wenela ali mnyamata. Ndege ija itagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha anthu akwathu oposa 70, a Kamuzu analetsa zotumiza anthu ku migodi ndipo ambiri anabwerera. Iwo sanabwerere. Anakwatira mayi wa Chisutu, natchona. Chichewa chawo chinali chitasweka, mawu atatu akwathu, lachinayi la Chizulu.

Ndi iwowo amene anandidziwitsa za Ray. Anali ndi makaseti a Stimela m'katoni ya nsapato, ndipo ankati ndisawagwire ndi manja a penti. Ankandiuza mobwerezabwereza, ngati ine ndi amene ndikutsutsa, kuti bambo ake a Ray anali munthu wakwathu ku Malawi, wobwera kudzagwira ntchito, ndipo nawonso ankaimba gitala. "Ukumva dzinalo? Asutu akuti phiri ndi fisi. Ayi! Phiri ndi phiri, lathu lija." Ine pokhala Phiri ndinkasekedwa nazo zimenezi kuntchito, anzanga akundiitana fisi. Koma ndikangoti ndine Phiri ngati Ray, nkhope zawo zinkasintha, wina mpaka kundigulira Coke.

Madzulo m'galaja muja tinalimo anthu osakwana makumi awiri, titazungulira mbaula. Akwathu ambiri, a ku Mangochi, a ku Mzimba, ife a ku Ntcheu, komanso anansi awiri a Chizulu ndi mkulu wina wa ku Bulawayo wokonza mafiriji. Panalibe mtembo, panalibe wachibale wa malemu, koma a Mbewe anati tichite monga kwathu. Amayi anakhala mbali yawo pa makatoni oyala pansi, abambo mbali yathu. Mbale inayenda, tinasonkha ndalama ya shuga, buledi ndi makala. Wina anafunsa moseka kuti chipepesochi tikapereka kwa yani, a Mbewe anamuyang'ana kamodzi kokha, nthabwala inathera pomwepo.

Mkulu wa ku Bulawayo uja anafotokoza kuti mu 1987 anakwera sitima mpaka ku Harare kukaonera Paul Simon pa Rufaro, pamene Miriam Makeba ndi Hugh Masekela analinso pa nsanja. Iye ankati maso ake sanali pa mzunguyo, anali pa mnyamata wowonda wa gitala amene miyendo yake inkavina payokha pamene zala zikuchita zina. Mmodzi mwa Azulu aja anatsutsa, akuti Ray sanayenera kuimba nawo pa chimbale cha Paul Simon cha Graceland mu 1986 pamene dziko lonse linkasala boma la tsankho. Mnzake anamubweza kuti kodi waiwala kuti nyimbo ya Ray ya Whispers in the Deep, ija onse amaitcha Phinda Mzala, inaletsedwa pa wailesi ya boma lomwelo? Anakokanakokana mpaka tiyi anazizira. Ine maganizo anga ndi akuti munthu amene nyimbo yake boma la azungu linaiopa safunika wina womuphunzitsa za ufulu. Koma ndinali mlendo pa mkangano wa eni dziko, ndinangosonkhezera makala.

Cha m'ma 11 koloko a Mbewe anatulutsa katoni ija. Wailesi yawo ya kaseti inali yomanga ndi waya, ndipo tepi inkakoka pang'ono moti mawu ankamveka ngati munthu wotopa. Gitala ija itayamba, aliyense anasiya kulankhula. Sindidziwa kufotokoza bwino kaimbidwe kake. Ena amati ndi jazz, ena amamuika pamodzi ndi akatswiri a rock chifukwa cha maiko amene anayenda. Chimene ndimamva ine n'chakuti sankakuwitsa gitala. Ankatola nsambo imodziimodzi, mofulumira koma mwaukhondo, ngati mayi akusankha mpunga m'lichero.

Ndi lichero limenelo limene linandigwetsa. Ndinaona amayi atakhala pakhonde kwathu, atatambalala, chitenje chawo chobiriwira chija, akupeta n'kumang'ung'udza nyimbo ya kwaya ya Mvano. Ndinaona zidendene zawo zong'aluka zimene ndinalonjeza kuzigulira mafuta a ku Joni. Mafutawo ndinagula ndithu, ku Shoprite, mabotolo awiri, ndipo anali akadali m'sutikesi pansi pa bedi kudikira munthu wodalirika wopita kumudzi. Chinachake chinaphulika pachifuwa panga. Ndinalira mokweza, kukamwa yasa, mamina ali chuchuchu, kulira kumene mwamuna wa zaka 41 salira pagulu. Ndinkafuna kuleka koma sizinkatheka. Ndinamva ndekha pakamwa panga pakutuluka "mayi ine, mayi ine", ndipo amayi aja pa makatoni, osandifunsa kanthu, anayamba kundithandiza kulira monga achitira kwathu maliro akangolowa m'mudzi.

Azulu aja ankaganiza kuti ndikulira Ray. Mmodzi anandigwira paphewa n'kunena m'chinenero chawo kuti tonse tataya. Sindinamukonze.

A Mbewe okha ndi amene anadziwa. Anazimitsa kaseti, nakokera mpando wawo pafupi ndi ine. Ndipo kwa nthawi yoyamba chiwadziwireni, analankhula Chichewa chokhachokha, chopanda Chizulu ngakhale liwu limodzi, Chichewa chakale cha ku Dedza chimene sindinachimvenso chimwalirireni agogo anga. "Mwana wanga, mayi ako dzina lawo anali yani?" Ndinati Nangozo. Anati, "Anga anali Nasoko. Ndinamva patapita zaka zinayi, kwa munthu amene ndinakumana naye pa sitolo. Mpaka lero sindidziwa pamene anagona." Kenaka anatembenukira kwa anthu n'kulengeza, monga achitira amfumu pa siwa, kuti maliro a usiku uno ndi atatu.

Tinachezera mpaka kucha. Nyimbo za Stimela zinasinthana ndi za m'buku la nyimbo za Mulungu, ndipo mkulu wa mafiriji uja, amene sadziwa Chichewa, ankangotsatira ndi besi.

M'mawa sindinapite kuntchito, bwana anandidula tsikulo. Ndinagula airtime ya 60 rand n'kuimbira achemwali anga a Esinati kuwafunsa ngati manda a amayi anawaka. Anayamba akhala chete, kenaka anati, "Achimwene, simenti munatumiza chaka chatha ija simunamve nkhani yake?"

Nkhani ya matumba asanu a simenti amenewo, ndi amene anawakira khonde la nyumba yake, ndi ya gawo 15. Achimwene a ndemanga aja, musaphonye.