Sinali mvuu, anali a ku Sweden

Poti tsopano ngakhale ana a sukulu akundikuwiza kuti "Amvuu" ndikamadutsa pa Kamuzu Road, bola ndifotokoze ndekha, chifukwa nkhani ikuyenda pa WhatsApp ija yamera nyanga. Boti silinagubuduzike. Palibe amene anamira. Ndipo zoti ndinkaitana mizimu ya m'nyanja pa foni, amene anayambitsa bodza limenelo ndikumudziwa, mpaka lero sanandilipire ya sikirini imene ndinamuikira mu Juni.

Mlandu wanga weniweni ndi woti ndinamanga jumbo mfundo zitatu. Basi.

Nyimbo zanga mukuzidziwa, si paja mumathawa pa benchi yanga ndikangoziika. Ndinazitenga kwa mzungu wina wa ku Sweden amene foni yake inamwa madzi ku Senga Bay. Nditaidzutsa anandikopera zimbale zodzaza memore khadi, n'kundiuza kuti mtundu wake umatchedwa post-metal. Amene simunamvepo, ganizani mvula ya mu Januwale. Imayamba ndi kamphepo, kenako dontho limodzi pa malata, amayi n'kunena kuti lero siigwa, n'kuyanika ufa. Mumakhala, mumakhala, mpaka kuiwala. Ndiye kumwamba kumang'ambika. Magitala amalemera ngati lole ya simenti ikukwera zitunda za ku Mvera, ndipo woimbayo saimba ayi, amabangula kuchokera m'chiwindi. Kukoma kwake kuli pa kudikirako. Inu mumangomva kubangulako poti simudikira.

Chimene chinanditengera panyanja ndi chimbale cha gulu la ku Berlin lotchedwa The Ocean, cha mu 2013, dzina lake Pelagial. Ndi cha mphindi pafupifupi 53, ndipo anachipanga ngati munthu akumira: chimayambira pamwamba pa madzi pamene pali kuwala, n'kumatsika, n'kumada, n'kumachedwa, mpaka pansi penipeni pamene dzuwa silinafikeko. Ine wobadwira m'mbali mwa nyanja imene kumpoto kwake imazama mamita 700, ndizingochimvera pa benchi, pakati pa ogulitsa chiwaya ndi a kabaza? Ndinapita kwa malume, amene ali ndi ukonde wa chilimira, n'kuwapempha kuti ndipite nawo ku usipa usiku umodzi.

Anandiyang'ana kuyambira kumapazi. "Mphwanga, panyanja si pa lodge. Ukakapa madzi. Ndipo phokoso ayi."

Unali Okutobala, mwera utatha, nyanja ili phee ngati madzi a m'beseni, mwezi uli kumdima. Za mwezizi muzisunge, zibweranso. Usipa amaukopa ndi nyali, ndiye mwezi ukawala nyali sizigwira ntchito, alovi amangokhala kumtunda kusoka maukonde. Amene amagwira nyalizo ndi siginala. Amakhala yekha m'bwato lake, kale ndi nyali za parafini, masiku ano ndi mababu a pa batire, n'kumadikira kuti usipa uunjikane pansi pake. Ukadzaza amapalasa pang'onopang'ono, ngati wanyamula mazira pamutu, kuulondolera kukamwa kwa chilimira. Siginala wa malume ndi bambo wachikulire, wosalankhulalankhula, amene anthu amati usipa amaumva ndi mapazi kudzera m'bwato.

Zomvera m'makutu ndinaziiwala pa benchi. Wokonza mafoni ine. Ndinali ndi sipika yanga ija yabuluu, yosalowa madzi, imene ndinkakunyadirani nayo.

Tinakhala pamadzi maola awiri opanda chochita. Alovi ena akuodzera, wina akutafuna chinangwa. Ndinaganiza kuti Pelagial siichedwa kupsa mtima, ndiye ndidzaimvera pobwerera. Ndinasankha Salvation, chimbale cha mu 2004 cha anyamata a ku Umeå, kumpoto kwa Sweden kumene nthawi yozizira dzuwa limangosuzumira n'kubwerera. Nyimbo yoyamba pa chimbale chimenechi imapitirira mphindi 10, ndipo mphindi zingapo zoyambirira ndi gitala yokha, ikudontha ngati denga la udzu. Pamene imasinthira ndimapadziwa ngati njira ya kwa agogo. Pulani inali yoti ndizimitse tisanafikepo. Muone, pulani inalipo.

Sipika ndinaiika m'ndowa yachitsulo yopanda kanthu kumutu kwa boti, kuti isagubuduke. Mawu anali otsika kwambiri moti ndinakweza mpaka kumapeto. Nthawi yomweyo kafunde kanatiwaza, ine n'kuponya foni mu jumbo, n'kumanga. Kamodzi. Kawiri. Kachitatu n'kukoka ndi mphamvu zonse, poti ndaona mafoni ambiri ofera m'madzi.

Ndipo anthuni, inakoma. Nyenyezi mbwee, nyali za asodzi zitandanda kutali ngati tauni yoyandama, gitala ikudontha. Mlovi wina anadzuka n'kufunsa kuti, "Achimwene, imeneyi ndi ya Akatolika?" Ngakhale malume sananene kanthu, ndipo malume akapanda kunena kanthu ndiye kuti ayamikira.

Apa ndi pamene satana wa uphunzitsi anandilowa. Chikapiro chili m'manja, ndinayamba kulalikira. Ndinawauza kuti makolo a nyimbo zimenezi ndi gulu la Neurosis la ku Oakland, ku America, limene linayamba mu 1985 likuimba nyimbo zothamanga za anyamata olusa, kenako linazindikira kuti ukali woyenda pang'onopang'ono umaopsa kuposa wothamanga. Ndinawauza za chimbale chawo cha mu 1996, Through Silver in Blood, mmene chimayambira ndi ng'oma zoti wa ku dambwe atazimva angatembenuke. Ndinali ndisanapezepo anthu ondimvetsera chonchi. Ndinazindikira mochedwa kuti sankamvetsera ine. Onse maso anali kwa siginala, amene anali atayamba kupalasa kulowa mu ukonde, usipa uli waliwali pansi pa bwato ngati ndalama zasiliva.

"Konzekani," anatero malume monong'ona.

Ndipo m'ndowa muja ndinamva ng'oma ikusintha mayendedwe.

Ndinadumphira jumbo. Zala zonyowa, sikirini siikumva kudzera m'pulasitiki. Mfundo yoyamba ndinaimasula ndi zikhadabo. Yachiwiri ndi mano. Yachitatu ija, ya mphamvu zonse ija, ndinali nayo m'kamwa ngati galu wolimbana ndi fupa pamene mkulu wa ku Umeå anatsegula kukhosi.

Mukudziwa mmene ndowa yachitsulo imakuzira mawu. Mukudziwanso mmene mawu amayendera pamadzi usiku, moti munthu akatsokomola ku Namalenje umamumva uli kumtunda. Phatikizani ziwirizo. Boti lonse linanjenjemera, matabwa akulira m'matako mwathu. Sanali mawu a munthu, sanali a nyama. Anali ngati ng'ombe ikuphedwa m'kati mwa thanki ya madzi.

Siginala uja, bambo woti wakhala panyanja kuyambira nthawi ya Kamuzu, sanakuwe. Anaimirira m'bwato bwinobwino, anaika nkhafi pansi mwaulemu, n'kulowa m'madzi chamutu. Chubwi. Bwato linapendekeka, batire n'kumutsatira, nyali zonse psiti. Usipa wa maola awiri unabalalika ngati anthu a pamsika akaona a khonsolo.

Mumdimamo aliyense anathamangira kwa Mulungu wake. Kumanja kwanga wina akutchula Allah mosapumira, kumanzere wina wayamba Tikuoneni Maria koma akungobwereza mzere woyamba, poti wotsatira unamuthawa. Wa chinangwa uja ankangoitana mayi ake, amene ali ku Dedza. Malume anagwira nkhafi n'kumamenya madzi mbali zonse akukuwa kuti, "Mvuu! Mvuu!" Pano ndidziteteze pang'ono. Mvuu zimakhala kosaya, kumabango, cha ku Mpatsanjoka uko. Mvuu iti imene ingasambire mtunda wonse uja, n'kubwera ndi woimba ng'oma wake? Munthu wa zaka zambiri panyanja amayenera kuganizako zimenezi. Koma sindinathe kuwauza, poti m'kamwa munali jumbo.

Amene anatulukira kuti chilombocho chili m'ndowa ndi malume omwewo, ataona kagetsi kabuluu kakuphethira. Ananyamula ndowa yonse n'kuikhuthulira m'nyanja ngati madzi otsukira mbale.

Paja ndinati sipikayo siilowa madzi. Imayandamanso. Wogulitsa uja sananame, Mulungu amudalitse.

Inayamba kuyenda pamadzi, ikuphethira, ikubangula. Bluetooth imafika mamita 10 okha, ndiye itatalikira pang'ono mawu anaduka. Zii. Tonse tinapuma. Wa Tikuoneni Maria anakumbukira mzere wachiwiri. Siginala anatulutsa mutu m'madzi, n'kugwira m'mphepete mwa boti lathu, tikumukoka. Kafunde kamodzi kanaibweza sipika ija, ndipo inabangulira pafupi ndi khutu lake lenileni. Bambo aja anatisiya m'manja muli malaya okha.

Zinachitika choncho kanayi. Kuchoka, zii. Kubwera, kubangula. Mawu ake akudukaduka ngati chinthu chikupuma movutikira, chikuzungulira boti, chili ndi diso limodzi labuluu. Ine ndinkadziwa kuti ndi sipika yanga, ndinaigula ndekha, lisiti ndili nalo, koma ulendo wachitatu nanenso ndinayamba kupemphera. Ndipo kutali kuja, tauni yoyandama ija inayamba kuzima. Nyali imodzi, ina, ina. Kenako mainjini. Usiku umenewo asodzi a madoko atatu anabwerera kumtunda nthawi ya 1 koloko, ena atasiya maukonde.

Mfundo yachitatu inamasuka yokha titafika kumtunda.

M'mawa kunali bwalo pansi pa mtengo, a mfumu, a komiti ya pagombe, amayi ogula usipa ndi mabeseni awo opanda kanthu, matandala ali mbee. Anaitana mphunzitsi wina wopuma ntchito kuti azimasulira za Chingerezi. A mfumu anafunsa modekha kuti, "Mwana wanga, amene amalira usiku uja ndani?"

"Ndi gulu loimba, a mfumu. Cult of Luna."

Aphunzitsi anakonza magalasi. "Luna ndi mwezi, m'Chilatini. Cult ndi kagulu ka chipembedzo chachinsinsi. Tinganene kuti, opembedza mwezi."

Anthu anati haaa. Mwa zinthu zonse za m'chilengedwe, mwezi. Pamaso pa asodzi a usipa. Mayi wina anaika manja kumutu n'kunena kuti n'chifukwa chake mwezi wathawu unachedwa kulowa.

Ndinayesa kukonza. Ndinati ayi, ndi nyimbo zolemekezeka, zili ndi mbiri yake, ndipo chimbale chimene ambiri amati chinakhazikitsa mtunduwu nachonso chimanena za nyanja, Oceanic, cha mu 2002. Anafunsa kuti oimba ake ndani. Apa ndikanangoti ndaiwala. Ndinati Isis. Amene amamvera nkhani za kunja pa wailesi anasuntha pa benchi. Ndinafulumira kufotokoza kuti si zigawenga za ISIS zija, awa ndi anyamata a magitala a ku Boston, ndipo gulu lawo linatha mu 2010, ena aja asanamveke n'komwe. Aphunzitsi, pofuna kundithandiza, anawonjezera kuti dzinalo kwenikweni ndi la mulungu wamkazi wa Aiguputo akale. Sanandithandize.

Ndinatchula Amenra a ku Belgium, poti zimbale zawo zambiri amazitcha Mass, ndiye kuti Misa. Mkulu wina wa mpingo anapempha kuti amve. Ndinakana, ndipo kukanako kunandiipitsira mlandu kuposa kuvomera. Pomaliza ndinati liliponso gulu la ku Chicago limene pafupifupi nyimbo zake zonse ndi zida zokhazokha, popanda wobangula, ngati pa chimbale chawo cha mu 2003, Australasia, ndipo ndikanaika chimenecho bwenzi tonse tikudya usipa. Dzina? Pelican. Aphunzitsi anati, "Vuwo."

Mbalame yakuba nsomba. Malume anangoti, "Mphwanga, khala pansi."

Chigamulo: batire latsopano, mababu, mafuta a injini a usiku umenewo, ndi malaya a siginala, amene ndinawang'amba ndine pomukoka, ngakhale pamenepo ndinkapulumutsa moyo. Wa komiti wina anati ku chilumba cha Mbenji amaletsa mowa, juga ndi chamba, ndipo akapempha kuti pa mndandandawo awonjezerepo ine. Anthu anaseka, koma iye sanaseke. Siginala sanalankhule chilichonse bwalo lonse. Pobalalika anangondiyandikira n'kufunsa kuti, "Munthu ameneyo anachira?"

Pelagial sindinaimvere panyanja mpaka lero. Ndinaimvera pa benchi, khutu limodzi, wina akundifunsa mtengo wa chaja.

Sipika inakodwa mu ukonde wa munthu wina patapita masiku awiri, ikugwirabe ntchito. Ili kwa a mfumu, akuti ndi umboni, ngakhale adzukulu awo akuikirapo nyimbo za kwaya. Vuto ndi loti imaikumbukirabe foni yanga. Ndiye mukandiona ndaima pa msewu wa ku doko ndikutokosa foni ndisanadutse pa nyumba ija, sikuti ndikuitana chilichonse. Ndikuzimitsa Bluetooth. Ndipo iwe wa sikirini, Lachisanu.