Mmene timayezera dambo lolowa m'malo mwa lomwe msewu unakwirira

Nditawauza mayi anga pafoni kuti ntchito yanga kuno ku North Carolina ndi yoyenda m'matope kukaona ngati madzi akukhalitsa m'nthaka, anakhala chete kaye, kenaka n'kufunsa ngati eni malowo alibe nalo ntchito dimba. Kwathu dambo ndi pamene timadzala mpiru ndi chimanga cha mondokwa m'chilimwe. Kuno anthu akulipira ndalama zambiri kuti munda wabwinobwino usiye kukhala munda.

Gwero lake ndi lamulo la madzi la ku America la 1972, Clean Water Act. Gawo 404 la lamuloli limati wofuna kukwirira dambo, ngakhale likhale boma lomwe likumanga msewu, ayambe watenga chilolezo ku Army Corps of Engineers, nthambi ya zomangamanga ya asilikali a America, ndipo chimene wawonongacho achibweze kwina. Malamulo a 2008 anawonjezera kuti dambo lobwezeretsalo liziyang'aniridwa kwa zaka zosachepera 5. Kuno, ngati ndi dambo la mitengo, zimakhala 7. Malo amene ndikuyang'anira, omwe ndi malipiro a dambo limene msewu unakwirira, anali munda wa soya ndi chimanga kuchigwa cha kum'mawa, woumitsidwa kalekale ndi ngalande. Akampani anatseka ngalandezo ndi dongo, n'kudzala mbande za mitengo ya bald cypress, swamp tupelo ndi mitundu ingapo ya oak. Ine ndimabwera pambuyo pawo kudzaona ngati zagwira.

Chaka chimayamba ndi mapaipi. Tinakumba timaenje takuya pafupifupi mita imodzi, n'kuimikamo mapaipi apulasitiki okhala ndi timing'alu m'munsi. M'mbali timathiramo mchenga, pamwamba n'kumata ndi dongo la bentonite kuti madzi a mvula asatsetserekere m'dzenjemo n'kutinamiza. Mupaipi iliyonse mumalendewera kachipangizo kolemba tsiku ndi tsiku pamene madzi afika. Ndimapita ndi kompyuta kukakopera manambalawo, koma ndisanachoke ndimayezanso ndi tepi pamanja, chifukwa kachipangizo kakasokonekera sikanena. Chofunika n'chakuti madzi akhale osapitirira mainchesi 12, pafupifupi masentimita 30, kuchokera pamwamba pa nthaka, kwa masiku otsatizana m'nyengo imene zomera zikukula. Muyezo wapansi wa Corps ndi masiku 14, koma pulani ya malo aliwonse imaika masiku ake malinga ndi mtundu wa dothi, ndipo nthawi zambiri amaposa pamenepo. Mawu oti otsatizana ndi amene amapweteka. Madzi akatsika tsiku limodzi lokha pakati, mumayambiranso kuwerenga.

Palibe anandichenjeza za zimbalangondo. Kum'mawa kuno ziliko zambiri, zakuda, ndipo paipi yoyera yoima payokha zimaiyesa chidole. Ulendo wina ndinapeza imodzi itatafunidwa ngati nzimbe, kachipangizo kali m'matope, manambala a milungu ingapo atapita. M'lipoti mumangolemba zoona: paipi iyi inawonongedwa ndi chimbalangondo, tinaika ina tsiku lakuti. Nkhupakupa nazo zimakwawira mpaka m'chiuno ngati simunalowetse thalauzi m'masokosi.

Cha m'ma September timawerenga mitengo. Sitiwerenga munda wonse. Tili ndi timabwalo ta mamita 10 mbali zonse, tokhomedwa zitsulo m'makona, ndipo mbande iliyonse yodzalidwa ili ndi malo ake papepala. Mumaipeza, kuilemba mtundu, kuiyeza kutalika. Muyezo wa kuno ndi mitengo 320 pa ekala m'chaka chachitatu, 260 m'chachisanu ndi 210 m'chomaliza. Kabwalo kamodzi ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 40 a ekala, choncho mtengo umodzi wokha umaimira mitengo 40. M'chaka chachitatu mitengo 8 m'kabwalo ndiye mwakhoza, 7 mwalephera. N'chifukwa chake mudzandipeza nditagwada m'minga ndikukanda khungwa la kamtengo komwe agwape anakadya nsonga, kuti ndione ngati mkati muli mobiriwira. Chokwiyitsa n'chakuti sweetgum ndi paini zimamera zokha mothithikana, malo n'kuoneka ngati nkhalango, koma sizili pamndandanda wathu wa mitengo yovomerezeka. Tsiku lomwelo timalembanso pamapu paliponse pamene pamera Chinese privet, chitsamba chobwera chomwe chimapondereza mbande, kuti apopere mankhwala.

Dothi ndimalikonda kuposa zonsezi. Mukazula chibuma n'kuchiphwanya, dothi lomwe lakhala m'madzi nthawi yaitali limakhala lotuwa, la mawanga a dzimbiri m'njira za mizu, chifukwa madzi akatsekereza mpweya chitsulo cha m'dothi chimasungunuka n'kukaundana pena. Timalifananiza ndi mitundu ya m'kabuku ka Munsell koonetsa mitundu ya dothi. Limandikumbutsa makande a m'dambo la kwathu, omata kuphazi mpaka kuvula nsapato. Koma dothi limasunga mtundu wake zaka zambiri ngalande zitaumitsa kale malowo, ndiye limangochitira umboni kuti pano panali dambo. Zoti lero ndi dambo zimanenedwa ndi paipi.

Zithunzi timajambula pamalo omwewo, kuyang'ana mbali yomweyo, chaka chilichonse. Kenaka lipoti, lomwe limafunanso kuti mvula ya chakacho tiifananize ndi ya zaka 30, kuti zidziwike ngati chinali chaka cha mvula yabwinobwino. Chaka ngati 2018, pamene namondwe Florence anamiza chigwa chonsechi mu September, ngakhale bwalo la mpira likanakhoza mayesowa, ndipo owerenga malipoti amadziwa zimenezo.

M'chaka chachitatu paipi ya kumalire a kumpoto inalephera kachiwiri, mvula itagwa mokwanira. Abwana anga ankaganiza kuti vuto ndi kachipangizo. Ine ndinayenda m'malire monsemo kutacha mvula itagwa usiku, ndipo ndinamva madzi akulira pansi pa zitsamba. Dongo lotsekera ngalande yakale linali litakokoloka m'mbali, madzi akuthawira m'ngalande ya munda woyandikana nawo. Tinazilemba m'lipoti momwemo, ngakhale zimatanthauza kuti gawo limenelo siliwerengedwa kaye ngati malipiro a msewu. Akuluakulu a Corps ndi a boma la North Carolina atabwera kudzayendera malowo, anapita molunjika pomwepo, majombo ali kuphazi, ndipo anavomereza kuti titsekenso ngalandeyo n'kuwonjezera mapaipi awiri pafupi.

Tinatseka mu January. Ulendo wa mwezi wathawu ndinapeza madzi m'paipi ija ali mainchesi 4 kuchokera pamwamba, achule akulira moti mnzanga sindinkamumva akundiitana. Tili m'chaka chachinayi, kwatsala zitatu.