Amafuna za Kennedy, atipatsa boom imodzi

Lolemba msonkhano wa atolankhani, Lachiwiri kutsuka mawu a pulogalamu imene anzathu anajambulira pamphepo. Zimenezo n'zamasiku onse. Chandipweteketsa mutu sabata ino ndi Lachinayi.

Anatituma kukajambula nyumba ya mtsogoleri wa dziko imene angomaliza kuikonzanso, mayi wa fuko akutionetsa chipinda ndi chipinda. Pokonzekera, abwana anakakamira dzina limodzi: Jacqueline Kennedy, mkazi wa John F. Kennedy amene anali mtsogoleri wa dziko la America. Akuti tipange ngati pulogalamu ya pa TV ya mu 1962, pamene mayiyo ankaonetsa anthu White House, nyumba ya mtsogoleri wa America. Amene tinaionerapo tepi imeneyo tinangoyang'anana. A CBS, kanema wa ku America, anajambula pa 15 Januwale n'kudzaulutsa pa 14 Febuluwale, mwezi wathunthu ali pantchito. Wotsogolera kujambula anali Franklin Schaffner, amene pambuyo pake anadzapata mphoto ya mafilimu ya Oscar, ndipo mtolankhani Charles Collingwood ankayenda pambali pa mayiyo ndi mafunso. Ife? Kujambula Lachinayi, kuulutsa Loweruka, malowo osawayendera n'komwe.

Pachipata achitetezo anakana ma wireless mic. Sindiwada, ndi ntchito yawo, ndipo tinamva pomwepo kuti kalata yonena zimenezi inafika ku ofesi kwathu kalekale, inangogona m'dilowa ya munthu. Ine wa sound ndinatsala ndi boom, ndodo yaitali ija yokhala ndi mic kunsonga. Anzanga a sound mukudziwa chimene denga lalitali ndi pansi pa mabo zimachita: mawu kubwerera kawiri, nsapato za a protocol kumveka kuposa wolankhula. Nditapempha kuti operekeza atsale pakhomo, mmodzi anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi n'kuti, "Achimwene, inu gwirani ndodo yanuyo basi."

Magetsi ojambulira nawo anabweretsa yawo. Mayi woyang'anira zinthu zakale za m'nyumbamo anatiletsa kuwayandikitsa ku zithunzi zopenta ndi makatani, poti kutentha ndi kuwala kumadya utoto ndi nsalu. Sanalakwe. Ma LED tinawapempha kalekale, koma tikunyamulabe ma tungsten otentha aja.

Mayi yemweyo ndiye anandipatsa mawu abwino tsiku lonselo. M'kachipinda kena ka kapeti, mopanda phokoso, anafotokoza mmene anapalira khoma pang'onopang'ono, utoto pamwamba pa utoto, mpaka kupeza mtundu woyambirira, ndi chifukwa chake mipando ina anaisiya ndi zipsera zake osaipaka vanishi watsopano. Ngakhale wa kamera, amene sachedwa kutopa, sanafune kudula.

Lachisanu tili pa editing, lamulo linabwera kuti gawo lakelo lichoke, papite mawu a akuluakulu othokozana. Apa ndiye ndinapsa mtima. Chimene chinakoka anthu mu 1962 chinali mbiri ya katundu, monga chithunzi cha George Washington, mtsogoleri woyamba wa America, chimene chinapulumuka pamene asilikali a Britain ankatentha White House mu 1814. Mayi Kennedy anali atayamba ndi kulemba ntchito katswiri wosamala zinthu zakale mu 1961, Lorraine Waxman Pearce, makamera asanabwere. Ife katswiri wathu tamutaya, tatsala ndi makonde aatali ndi mawu obwerera.

Pulogalamu inapita Loweruka. Lamulungu m'mawa abwana ananditumizira uthenga pa WhatsApp kufunsa chimene chinavuta ndi sound. Ndinawatumizira chithunzi cha kalata ija, chidindo cha tsiku limene inafika chikuoneka bwinobwino.